Mkamwa mwa Teleza

"Ndafunsa, mayi a Lestina. Usiku mumapita kuti?"

Teleza anali pakhonde la kanyumba kawo m'malaini a esiteti ya tiyi, akusenda chinangwa, kansalu atakamanga kukamwa monga ankachitira masiku amenewo. Mwamuna wake, Fabiano, anaima pakhomo atatsamira chitseko. Linali Lamulungu, lipenga la ntchito silinalire, ndipo anthu a nyumba zoyandikana anali panja, makutu ali tcheru.

"Ndimapita kuseri, bambo. Kukataya madzi. Mukudziwa inu."

"Kutaya madzi usiku wonse? Ndikatembenuka, pamphasa palibe munthu. Ndikatembenukanso, palibe. Kukacha ndimapeza magazi pansalu yanu yotsamira."

"Magaziwo ndi a mkamwa. Nkhama zanga zatupa, ndinakuuzani kalekale. Ndipo ludzu silikundisiya. Ndikamwa madzi, chikhodzodzo sichindipatsa tulo. Nditani nanga?"

"Ludzu la chiyani limenelo?"

Amene anafunsa izi sanali Fabiano. Anali Ellen, mlongo wake wamkulu wa Fabiano, mkazi wa kapitao Amosi. Anatulukira kuseri kwa nyumba, mutu uli mbee ndi mpala wa maliro. Sabata yapitayo anali ataika m'manda kamwana kake kakamuna, kamene kanali katangoyamba kukwawa.

"Alamu, khalani pansi," anatero Teleza akusendeza mphasa.

"Sindinabwerere kukhala. Mwana wanga ndinamusiya m'manja mwako tsiku lija ndinkakalandira phoso, chakudya cha ku esiteti. Unamutafunira mbatata ndi pakamwa pakopo. M'mawa mwake anayamba kutsegula m'mimba. Ukana?"

"Ndinamutafunira chifukwa ankalira ndi njala. Koma alamu, ana akutsegula m'mimba malaini onse ano. Madzi a m'khwawa muja mukuwadziwa mmene alili mvula ikagwa."

"Masula kansaluko."

"Alamu..."

"Masula, mwamuna wako aone chimene amagona nacho."

Teleza anayang'ana Fabiano. Fabiano anayang'ana pansi. Tsono mayiyo anaika mpeni m'lichero, namasula kansaluko pang'onopang'ono. Nkhama zake zinali zofiira ngati nyama yaiwisi, zotupa mpaka kukwirira theka la mano, ndipo m'mbali mwa mano munkatuluka mafinya. Mano akutsogolo anali atatalikirana, ena akugwedera akamayankhula. Fungo linafika mpaka pakhomo.

Ellen analavula malovu.

"Munthu wodya nsima ndi nandolo sanunkha chonchi. Ili ndi fungo la kumanda. Achimwene, tsegulani maso. Amadya ngati amuna awiri koma akungoonda. Usiku sagona. Kukacha, magazi kukamwa. Mukufuna ndikuuzeni ine chimene amakadya?"

Nthawi imeneyo Lestina, mwana wawo woyamba, anali akufika kuchokera kumadzi. Anali mtsikana wamkulu ndithu, wotchola tiyi mzere umodzi ndi amayi ake. Anatula mtsuko mwamphamvu mpaka madzi anatayikira.

"Azakhali, amayi akudwala. Ine ndimawaperekeza kuseri usiku, ndimaona kumene amapita."

"Ndiye kuti mumapitira limodzi."

"Abambo, mukumva zimene akunenazi? Simuyankha?"

Fabiano anakanda m'mutu. Nyumba imene ankagonamo inali ya esiteti, kamunda ka chimanga kuseri kanali pa nthaka ya esiteti, ndipo amene ankanena kwa Bwana wa esitetiyo kuti uyu ndi wantchito wabwino, uyu ndi waulesi, anali mwamuna wa Ellen.

"Kuyambira lero," anatero motsitsa mawu, "muzigona kukhitchini, mayi a Lestina. Ndipo tiana tathu tiwiri tating'onoti tisamadyenso mbale imodzi ndi inu. Mpaka tione."

Teleza anamanganso kansalu kake. Anatola mpeni napitiriza kusenda chinangwa.

Inali nyengo ya mvula, tiyi ataphukira kwambiri. Lipenga likalira, akazi ankakwera phiri ndi madengu kumsana, n'kulowa m'mizere yonyowa ndi mame. Kale akazi ankalimbirana kuima pafupi ndi Teleza chifukwa ndiye ankayambitsa nyimbo za Chilomwe zopeputsa ntchito. Tsopano ankasiya mizere iwiri yopanda munthu kumanzere ndi kumanja kwake. Wina akafuna kudutsa, ankazungulira.

Teleza ankatchola pang'ono, n'kutuluka mumzere kuthamangira kuthengo. Akabwerako, ankatchola pang'ono, n'kutsikira kukhwawa kukamwa madzi ndi manja. Kapitao Amosi anapirira masiku angapo, kenaka anamutchingira njira ndi ndodo.

"Mayi, pano si pamsika. Mukatulukanso mumzere, tsiku la lero silikhala lanu."

"Akapitao, kukhosi kwauma. Ndingomwako pang'ono."

"Mumwa lipenga likalira."

Dzuwa litafika pamutu, Lestina anaona amayi ake akutchola mumlengalenga, zala zikuphonya masamba. Maso awo sankaonanso bwino. Kenaka anagwada, dengu linawakokera chammbali, nagwa pakati pa mitengo ya tiyi. Palibe mkazi amene anasuntha. Lestina anathamanga yekha, nawadzutsa, ndipo pochotsa kansalu kuti apume anapeza dzino lili m'kansalumo, lathunthu ndi muzu wake, lopanda chibowo chilichonse. Linali litangozuka lokha.

Ku kanyumba ka mankhwala ka pa esiteti anawapatsa mchere wotsegula m'mimba, n'kunena kuti mawa abwerere kuntchito. Mcherewo unangowonjezera ludzu. Madzulo ake Lestina anapeza abambo ake akunola chikwanje.

"Abambo, tiwatengere amayi kuchipatala cha mishoni."

"Ndi kutali. Ndikajomba, akapitao anena chiyani?"

"Ndiye tidikire afere kukhitchini?"

"Ukundiyankhula ngati ndine mnzako? Ine ndikuganizira nyumba yonse. Ngati amako alibe chifukwa, achira okha."

"Ngati alibe chifukwa? Mwakhala nawo kuyambira kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, anakuberekerani ana, lero mukuti ngati?"

Fabiano anapitiriza kunola. Lestina sanapemphenso.

M'mawa mwake, anzawo akukwera phiri, iye ndi amayi ake anatsika njira ya kumishoni. Teleza ankayenda pang'ono n'kukhala pansi. Pa mtsinje uliwonse ankagona chafufumimba n'kumwa ngati ng'ombe. Pokwera zitunda Lestina ankawabereka, ndipo anadabwa kupepuka kwawo. Mayi amene kale ankasenza mtolo wa nkhuni wolemera kuposa amuna tsopano anali ngati mtolo wa udzu.

Adotolo achizungu anali atapita kumidzi ina. Amene anawalandira anali Zakeyu, wothandiza adotolo, bambo wa imvi za apo ndi apo. Atamva kayankhulidwe ka Teleza anamulonjera m'Chilomwe, ndipo Teleza anagwetsa misozi, pakuti panali patapita nthawi munthu wachilendo asanamuyandikire. Zakeyu anamuyang'ana mkamwa osakwinya nkhope. Anagwedeza mano limodzilimodzi ndi chala.

"Mumamva ludzu kwambiri, mayi?"

"Usana ndi usiku."

"Njala?"

"Ndimadya koma sindikhuta."

"Pamene mwatayira madzi, nyerere zimabwerapo?"

Teleza anayang'ana Lestina mwamanyazi. "Zimadzaza. Ndimakwirira ndi dothi kuti anthu asaone."

Zakeyu anawapatsa kabotolo kuti ataye madzi m'menemo. Anathira pang'ono m'kagalasi kokhala ndi mankhwala obiriwira, nakawotcha pa kanyali. Iwo akuyang'ana, mankhwalawo anasintha mpaka kufiira ngati njerwa yootcha.

"Mayi, muli ndi nthenda ya shuga."

"Shuga? Ine shuga sindimudya, bambo. Ndimupeza kuti?"

"Si shuga wa m'sitolo. Nsima ndi chinangwa zimene timadya zimasanduka shuga m'thupi, ndipo thupi la munthu wabwinobwino limamugwiritsa ntchito. Lanu likulephera. Shugayo akungoyenda m'magazi n'kumatuluka ndi mkodzo. Ludzu lanu ndi limenelo, njala ndi imeneyo, kuonda ndi kumeneko."

"Nanga mkamwamu?" anafunsa Lestina.

"Ndi nthenda yomweyo. Munthu wa shuga chilonda chake sichipola msanga, ndipo nkhama ndi zimene zimayamba kugonja. Adotolo amati ukaona munthu wosakalamba mano ake onse akugwedera, umuyeze mkodzo. Choipa n'chakuti ziwirizi zimakokerana. Shuga amaoletsa nkhama, mafinya a m'nkhama nawonso amakweza shuga. Ndawaonapo angapo otere."

Teleza anafunsa ndi mawu aang'ono:

"Ndiye kuti si ine ndinapha mwana wa alamu anga? Ndinamutafunira mbatata."

Zakeyu anaika kagalasi pansi. "Anafa bwanji mwanayo?"

"Kutsegula m'mimba."

"Nthenda ya shuga siipatsirana, mayi. Ana otsegula m'mimba adzaza chipinda icho, ndipo palibe amene munamutafunira mbatata."

"Ndinafika poganiza kuti mwina ndimachita ndili m'tulo," anatero Teleza. "Anthu akanena onse, umayamba kudzikayikira."

Lestina anafunsa za mankhwala. Zakeyu anapukusa mutu.

"Alipo, obaya ndi singano tsiku lililonse. Ndinawaonapo m'tauni. Kuno sanafikepo, ndipo sindikunamizani kuti afika. Chimene ndingathe ndi kuchotsa mano amene afa kale ndi kutsuka mafinyawa. Mkamwa mukayera, thupi limapumako. Kenaka azichukucha ndi madzi ofunda a mchere. Nsima ndi chinangwa achepetse kwambiri. Azidya masamba, nyemba, mazira, nsomba."

"Phoso la ku esiteti ndi ufa, bambo," anatero Lestina.

Zakeyu anayang'ana kumbali. "Ndikudziwa, mwana wanga."

Anamuzula mano ogwederawo, namutsuka ndi mankhwala ofiirira. Teleza anagona m'chipatalamo masiku angapo akumwa msuzi wa nyemba ndi masamba ophwanyaphwanya. Kutupa kunatsika. Fungo linachepa. Ludzu silinathe, koma linayamba kumupatsako mpata wogona. Tsiku lina Lestina anamumva akung'ung'udza nyimbo ya kumunda. Pamene bedi linafunika kwa wodwala wina, Lestina anapempha Zakeyu kuti apite nawo akanene yekha kwa anthu a m'malaini.

"Ndikachoka ine, pano patsala ndani? Kanene iwe zimene waona ndi maso ako."

Anafika kumalaini Loweruka, ntchito itaweruka. Teleza anali asanamange kansalu. Tiana take tiwiri titamuona tinathamanga, koma Ellen anatigwira mikono n'kutibweza. Anthu anasonkhana pansi pa bulugamu wa pakati pa malaini. Kapitao Amosi anakhala pachitsa, Fabiano pambali pake.

Lestina anafotokoza zonse: kagalasi, mankhwala amene anafiira, nyerere, nkhama. Anayankhula momveka, osathamanga. Atamaliza, Ellen anaseka chikhakhali chowawa.

"Shuga! Mwamva anthuni? Shuga amene amakhala m'kabati mwa Dona, mkazi wa Bwana, lero wadzaza m'mimba mwa wotchola tiyi! Wamudya liti?"

"Si shuga wa m'sitolo, azakhali. Ndi nsima yomweyi..."

"Nsima timadya tonse. Bwanji ife sitinunkha? Ndipo taonani mkamwamo. Mano aja ali kuti? Akawazulitsa kuti tisaone zimene zinakanirira m'menemo."

"Anazula a kuchipatala chifukwa anali atafa."

"Ndipo nyerere," anatero mkazi wina kumbuyo. "Mwana wake wanena yekha kuti nyerere zimamutsata. Munthu wamba nyerere zimamutsata?"

Anthu anang'ung'udza kuvomereza. Teleza anayesa kuyankhula, koma popanda mano mawu ake ankatuluka osamveka bwino, ndipo ena anaseka.

Amosi anakweza ndodo kuti anthu akhale chete. Sanayang'ane Teleza. Anatembenukira kwa Fabiano.

"Alamu, ine za shuga sindizidziwa, za ufiti sindiweruza, boma linaletsa. Ine ndikudziwa tiyi. Akazi akukana kulowa m'munda umodzi ndi akazi anu. Masamba akukhwimira m'mitengo. Mwana wanuyu wajomba masiku onsewa osatsanzika. Bwana akandifunsa, safuna kumva za nkhama za munthu. Pamalo pano amagona ndi amene akugwira thangata. Mayiwa sangathenso ntchito, mwaona nokha. Ndiye kaya achoke okha, kaya muchoke nonse ndi ana omwe. Lolemba ndikanena chimodzi mwa ziwirizi."

"Akapitao, tipita kuti? Kwathu tinathawa, munda wathuwathu tilibe. Chimanga kuseriku chayamba kumene ngaiyaye."

"N'chifukwa chake ndakupatsani mpata wosankha."

Lestina anagwada patsogolo pa abambo ake.

"Abambo, inu mwamva zimene ndanena. Mukukhulupirira kuti amayi ndi mfiti? Nenani pamaso pa anthu."

Fabiano anayang'ana tiana tiwiri tili m'manja mwa Ellen. Anayang'ana kamunda ka chimanga.

"Ine sindinanene kuti ndi mfiti."

"Ndiye nenani kuti si mfiti."

"Akapume kaye kwina. Zinthu zikazizira adzabwera."

Teleza anaimirira pogwira phewa la mwana wake. "Msiye, Lestina," anatero. "Usamuumirize. Ananga azidya." Analowa kukhitchini, natenga mphasa yake ndi kamphika kamodzi. Potuluka anaima kutsogolo kwa tiana take, koma Ellen anatikokera kumbuyo kwake. Teleza anangotiyang'ana nthawi yaitali, kenaka ananyamuka. Lestina anaponya dengu la esiteti pamapazi pa kapitao, nawatsatira.

Analowera ku Khonjeni, kumene sitima inkaima, poganiza kuti kumeneko Lestina angapeze ganyu. Makomo angapo anawabweza ataona nkhope ya Teleza. Amene anawalandira anali Zuwena, mkazi wa Uledi, Msilamu wogulitsa nsomba zouma pafupi ndi siteshoni. Zuwena anamva nkhani yonse akusankha usipa m'lichero.

"Kaya ndi shuga, kaya ndi chiyani, munthu wodwala sagona panja," anatero. "Kuseriku kuli kachipinda kosungira madengu. Iwe uzindisinjira ndi kunditungira madzi. Amako ndiziwapatsa msuzi wa nsomba."

Zuwena anachita zimene analonjeza. Ankafunditsa yekha madzi a mchere, n'kumugwirira Teleza mutu pochukucha. Koma ulendo wa ku Khonjeni unali utasiya chilonda kuphazi kwa Teleza, pamene anaponda chitsa osamva n'komwe. Chilondacho sichinapole. Chinada, phazi linatupa, thupi linatentha. Mkamwa munayambiranso kutulutsa mafinya, ludzu linabwerera ndi ukali woposa kale. Kunyamula munthu wotero kubwerera kumishoni kunali kosatheka. Anayamba kuyankhula Chilomwe chokhachokha, akuitana anthu a kwawo amene Lestina sankawadziwa. Kenaka anagona tulo tolemera, akupuma mozama ngati munthu wokwera phiri, ndipo sanadzukenso. Anamwalira masana, anthu ali piringupiringu pasiteshoni.

Akazi achisilamu anathandiza Lestina kusambitsa thupi, ngakhale Teleza anali Mkhristu. Uledi anakaitana mphunzitsi wa tchalitchi cha pafupi kuti apemphere. Anamuika kumapeto kwa manda, kumene amaika alendo. Uthenga unatumizidwa ku esiteti ndi munthu woyendetsa ngolo, koma palibe anabwera.

Fabiano anafika Lamulungu la sabata yotsatira. Anapeza Lestina akusinja chimanga kuseri kwa nyumba ya Zuwena. Anavula chipewa, nakhala pamwala. Lestina sanasiye kusinja mpaka mphale itayera.

"Uthenga unandipeza pakati pa sabata," anatero Fabiano. "Akapitao anakana."

"Manda ali kuseri kwa njanji. Pali mulu watsopano kumapeto. Simusochera."

"Anavutika?"

"Anavutika."

"Ananenapo kanthu za ine?"

"Ayi."

Fabiano anapinda chipewa chake m'manja, nachitambasulanso. Ankaoneka wokalamba kuposa mmene Lestina anamusiyira.

"Ana akukufunsa," anatero.

"Ndimaliza kaye ganyu wa mayi Zuwena, kenaka ndibwera ndidzawatenge. Sindingawasiye m'manja mwa azakhali."

"N'zimene ndabwerera, mwana wanga. Usabwere."

Lestina anatsamiritsa munsi pamtondo.

"Kumalaini kwafanso ana awiri. Kutsegula m'mimba komwe kuja. Wina ndi wa nyumba yoyandikana ndi yathu."

"Amayi anali kuno, akufa. Ndiye pano akuloza ndani?"

Fabiano anangomuyang'ana, misozi ili lengelenge m'maso, ndipo Lestina anamva yankho lonse.

"Akuti anakusiyira ufitiwo," anatero bamboyo pomaliza. "Akuti mtunda si kanthu kwa anthu otere. Ukaoneka kumeneko akupweteka, ndipo ine sindingathe kukutchinjiriza."

"Ndikudziwa kuti simungathe."

Zuwena anatuluka ndi mbale ya mbatata yophika, naiika patsogolo pa mlendo, nabwerera m'nyumba. Fabiano sanaikhudze. Anayang'ana dzuwa, limene linali litapendeka kale. Ulendo wobwerera unali wautali, ndipo lipenga la Lolemba silinkadikira munthu.

"Ndipite ndikaone pamene agona," anatero akuimirira. "Undiperekeza?"

"Ndili ndi ntchito, abambo."

Fabiano anavala chipewa, nawoloka njanji yekha. Lestina anamuona ataima pa mulu wa dothi lofiira, mutu uli pansi, kwa kanthawi kochepa chabe. Kenaka anamuona akutembenuka, natenga njira yokwera kumapiri a tiyi, akufulumira kuti mdima usamupeze panjira. Lestina anathira chimanga china mumtondo, nanyamula munsi.